Zipsera za ziphuphu: musanakwere basi ya ku Lusaka kukafuna laser

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Feira akatsegula Facebook pa foni sachedwa kukumana ndi zithunzi ziwiri zoyandikana. Kumanzere kuli nkhope ya maenje okhaokha, kumanja nkhope yomweyo itasalala, ndipo m'munsi alembamo kuti ndi ntchito ya laser. Makinawa alipodi, ndipo ena amathandizidwa nawo. Koma anayamba kuyesedwa pa khungu loyera, kumaiko a dzuwa lofatsa. Ife khungu lathu ndi lakuda, ndipo tikukhala pomwe Luangwa athira mu Zambezi, malo otsika kuposa ena onse m'Zambia, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Dzuwa la kuno silichita masewera. Zinthu ziwirizi, khungu ndi dzuwa, zimasintha mayankho ambiri.

Funso: Ziphuphu zinatha koma nkhope yatsala ndi madontho akuda. Kodi ndikufunika laser?

Yankho: Kawirikawiri ayi, ndipo ndalama za anthu ambiri zimatayikira pomwepa. Zomwe timangozitcha zipsera zili mitundu itatu, ndipo chithandizo chake n'chosiyana.

Dziyeseni nokha. Usiku zimitsani nyali, imani pagalasi, yatsani tochi ya foni n'kuigwira pafupi ndi khutu kuti kuwala kudutse chopingasa patsaya. Kenako tsinzinani, muyendetse chala pamalopo. Ngati chala sichikumva kanthu ndipo tochi sikuonetsa mthunzi, limenelo ndi dontho chabe. Khungu silinagumuke, langochulukitsa melanin, chinthu chomwe chimatipatsa mtundu wathu, pamalo pomwe panali chotupa. Ngati tochi ikuonetsa timithunzi, pali maenje. Ngati chala chikukwera pa kanthu kolimba, chimenecho ndi chipsera chofufuma.

Madontho amazimiririka okha. Apamwamba amatenga miyezi 6 mpaka chaka, koma omwe analowa pansi, aja otuwa, amatha kukhala zaka. Amachedwa kuchoka chifukwa cha dzuwa, ziphuphu zatsopano, ndi zala zanu zomwe.

Funso: Nanga maenjewo amayamba bwanji?

Yankho: Chiphuphu chimayamba kabowo ka tsitsi kakatsekeka ndi mafuta a m'khungu pamodzi ndi tizidutswa ta khungu lakufa. Tizilombo tokhala m'menemo timaswana, malowo n'kutupa. Chikakhala chachikulu, chozama, chija chopweteka chosatulutsa mutu, chimaphulikira m'kati n'kuwononga kolajeni, ulusi womwe umalimbitsa khungu. Pochira thupi silibwezeretsa ulusi wonse, ndiye pamwamba pamatitimira. Kufinya kumakankhira mafinya pansi, n'chifukwa chake ofinyafinya amakhala ndi maenje ambiri.

Mu 2001 madokotala atatu a ku America, Jacob, Dover ndi Kaminer, anagawa maenjewa m'magulu atatu omwe akugwiritsidwabe ntchito mpaka lero. Icepick ndi timaenje topapatiza pakamwa koma tozama. Boxcar ndi otakata, a m'mphepete moimirira. Rolling ndi pomwe khungu limaoneka zitundazitunda chifukwa timitsempha tachipsera tikulikokera pansi. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi mitundu yonse itatu patsaya limodzi. Maina amenewa ndi ofunika kuwadziwa, pakuti laser imathandiza kwambiri boxcar osazama, imathandizako rolling, koma icepick imawalephera chifukwa siifika pansi pake.

Funso: Kodi laser imachita chiyani kwenikweni pakhungu?

Yankho: Imawotcha. Otsatsa malonda sakonda kunena choncho, koma zoona zake ndi zimenezo. Laser ndi kuwala kwa mtundu umodzi kosonkhanitsidwa pamalo pang'ono kwambiri. Yoyamba anaipanga Theodore Maiman mu 1960, ndipo ya carbon dioxide, yomwe zipatala zimaitcha CO2, anaipanga Kumar Patel mu 1964. Kuwala kwa CO2 ndi kwa erbium kumamwedwa ndi madzi a m'khungu, madziwo n'kutentha mpaka kusanduka nthunzi. Dokotala amavulaza khungu dala, mwa muyeso, kuti thupi pochiritsa bala latsopanolo lipange kolajeni wina n'kukweza pansi pa dzenje.

Kale ankasenda nkhope yonse. Wodwala ankakhala ndi bala losapola kwa milungu iwiri, ndipo kwa anthu akuda zotsatira zake zinali zoopsa moti madokotala ambiri ankangokana. Zinasintha mu 2004, pomwe Dieter Manstein ndi Rox Anderson ku Boston anatulukira njira yotchedwa fractional. Taganizani za mlimi wokumba mapando n'kusiya nthaka ya pakati osaikhudza, m'malo motembenuza munda wonse. Makina amaboola timabowo tosaoneka ndi maso, mazanamazana, n'kusiya khungu labwino pakati pake, ndipo khungu labwinolo ndi lomwe limatseka mabowowo msanga.

Ma laser a fractional alinso pawiri. Ena, monga CO2 ndi erbium, amaboola mpaka pamwamba. Ndi amphamvu, koma kuchira kwake kumatenga pafupifupi mlungu. Ena, monga a 1550 nm, amatenthetsa pansi osang'amba pamwamba. Ndi ofatsa, munthu amachira m'masiku ochepa, koma amafuna maulendo ambiri.

Funso: Bwanji mukuti khungu lakuda lili ndi vuto lakelake?

Yankho: Pa zifukwa ziwiri. Choyamba, melanin amamwa kuwala. Ma laser ena, omwe pa mzungu kuwala kwake kumangodutsa pamwamba n'kukagwira ntchito pansi, pa ife kumagwidwa pamwamba pomwepo n'kutiwotcha. Chachiwiri ndicho chachikulu: khungu lathu likapsa, likakandika kapena likatupa, limayankha popanga melanin wambiri. Ndi chimodzimodzi chomwe chinasiya madontho aja pambuyo pa ziphuphu. Tsono munthu amapita kukachotsa maenje n'kubwerako ndi tsaya lodera kuposa kale, nthawi zina lokhala ndi timadontho tondondozana m'mizere momwe makina anadutsa. Kuderako kumatha, koma kumatenga miyezi. Vuto lina, losachitika kawirikawiri koma loipa kuposa, ndi mawanga oyera, omwe amatha kukhala mpaka kalekale.

Madokotala a khungu amagawa anthu m'magulu 6 potsatira muyeso womwe Thomas Fitzpatrick anayambitsa mu 1975. Ambiri a ife tili m'gulu la 5 ndi la 6. Kwa anthu a magulu amenewa dokotala wodziwa ntchito amachepetsa kuchuluka kwa timabowo pa ulendo umodzi, amaziziritsa khungu, amatalikitsa nthawi pakati pa maulendo, ndipo amakonda makina ofatsa kapena a Nd:YAG a 1064 nm, omwe melanin samwa kwambiri kuwala kwake. Asanagwire nkhope yonse amayesa kaye kamalo kakang'ono, mwina pafupi ndi khutu, n'kudikira milungu ingapo kuti aone ngati padere.

Chenjerani ndi makina otchedwa IPL. M'masaluni ena amawatcha laser, koma si laser ayi, sachotsa maenje, ndipo pa khungu lakuda amawotcha mosavuta.

Funso: Tsiku lake zimakhala bwanji? Zimapweteka?

Yankho: Amakusambitsani kumaso n'kukupakani mafuta ochititsa dzanzi, mumadikira mphindi 30 mpaka ola. Amakuvekani zotchinga maso. Makina akayamba mumamva kulasa kotentha kobwerezabwereza, ndipo ngati ndi CO2 mumamva fungo la tsitsi lopsa, pambali pali kapaipi koyamwa utsi. Masaya okha satenga ola. Mukatuluka nkhope imatentha ndi kutupa kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako pamabwera tinkhanambo tating'onoting'ono tokhakhala, tomwe timayoyoka tokha m'masiku 5 mpaka 7. Kutitong'ola ndiko kudziitanira dontho.

Masiku oyambawo khungu limaoneka losalala kwambiri chifukwa cha kutupa, ndipo zithunzi zina za otsatsa malonda zimajambulidwa nthawi imeneyo. Zotsatira zenizeni zimaoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6.

Funso: Kodi maenje onse adzatha?

Yankho: Ayi. Amachepa kuzama, m'mphepete mwake mumafewa, mthunzi wa tochi ija umachepa. Nkhope siibwerera momwe inalili musanathe msinkhu. Wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu basi.

Funso: Ndimakhala ku Luangwa. Ndingazipeze kuti, ndipo ndikonzekere chiyani?

Yankho: Ichi si chithandizo choyembekezera pa chipatala cha pa boma kapena cha mishoni ku Katondwe. Kumeneko ntchito yawo ndi malungo, uchembere, olumidwa ndi ng'ona ndi zina zopulumutsa moyo. Laser ya zipsera imapezeka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu, kwa ife kuyambira ku Lusaka, ndipo imawerengedwa ngati yokongoletsa thupi, ndiye ndalama zimachoka m'thumba mwanu.

Werengerani msewu. Kuchokera pa boma, ku Feira, kukafika pa Luangwa Bridge ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo ulendo wonse mpaka ku Lusaka ndi makilomita opitirira 300. Laser yofatsa imafuna maulendo 3 mpaka 6, otalikirana milungu 4 mpaka 6 kapena kuposerapo. Maulendo anayi okha ndi makilomita oposa 2,400 kupita ndi kubwera, osawerengera tsiku lokaonana ndi dokotala koyamba, malo ogona ndi mafuta odzola pambuyo pake. Funsani mtengo wa ntchito yonse, osati wa ulendo umodzi. Ulendo umodzi n'kulekera pomwepo ndi ndalama yotaya.

Palinso china chomwe wa mu Lusaka sachiganizira. Nkhope ikayamba kutuluka mafinya kapena matuza tsiku lachitatu, iye amangokwera minibasi n'kubwerera kwa dokotala wake. Inu muli ku Feira. Ngati n'kotheka gonani kwa abale masiku angapo musanabwerere, ndipo tengani nambala ya foni ya amene wakugwirani.

Funso: Nanga dzuwa la kwathu kuno?

Yankho: Apa ndi pomwe ambiri ayenera kuima n'kuganiza kawiri. Khungu lomwe langochoka pa laser likawombedwa ndi dzuwa limadera msanga. Liyenera kutetezedwa milungu ingapo chithandizo chisanachitike ndi miyezi ingapo chitachitika. Mu Okutobala kutentha m'chigwa muno kumapyola madigiri 40, thukuta limakokolola chilichonse chomwe mwadzola, ndipo pamadzi kuwala kumabwera kawiri, kochokera kumwamba ndi kobwerera pamtsinje. Msodzi wa pa Zambezi, mayi wogulitsa nsomba ndi madengu pa mlatho, wopalasa bwato lopita kutsidya ku Zumbo, onsewa ntchito yawo ili padzuwa tsiku lonse. Kwa iwo, m'kuona kwanga, laser yamphamvu si nzeru pokhapokha atapeza njira yosiya ntchitoyo kwa kanthawi. Wogwira ntchito mu ofesi kapena m'kalasi angakwanitse, makamaka akasankha miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi.

Chitetezo chake ndi chipewa chotakata, mthunzi masana, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, odzola m'mawa n'kubwerezanso mukatuluka thukuta. Ena amaseka, amati munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. Mwina sapsa msanga, koma dontho lake limadera.

Funso: Ine zanga ndi zofufuma, za pachibwano ndi pachifuwa. Laser ingazisalaze?

Yankho: Samalani kwambiri. Zipsera zolimba, zonyezimira, zoyabwa, zokula kupyola pomwe panali chiphuphu, madokotala amazitcha keloid, ndipo zimagwira anthu akuda kuposa azungu. Zimakonda chibwano, chifuwa, mapewa, msana ndi makutu. Thupi lotere limapanga kolajeni wopitirira muyeso, tsono makina omwe ntchito yake ndi kulimbikitsa kolajeni atha kuwonjezera vutolo. Chithandizo choyamba ndi jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipsera momwemo mwezi ndi mwezi, nthawi zina pamodzi ndi timapepala ta silicone tomata pamwamba. Kudula kokha popanda chithandizo china kumabweza keloid, kawirikawiri wamkulu kuposa woyamba.

Ngakhale zanu zili maenje, yang'anani thupi lanu musanapite: pomwe munaboola makutu, pomwe munatemera mphini, chipsera cha katemera wa BCG pamkono. Ngati pena panafufuma, kapena mayi anu, bambo anu ndi abale anu ali nazo, muuzeni dokotala asanayatse makina.

Amuna ena amakhala ndi timatuza tolimba kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa khosi, kapena m'ndevu. Izi si ziphuphu wamba, zimakula ndi kumeta mpala ndi lezala kapena makina opala kwambiri. Yambani mwasiya tsitsi pang'ono pometa ndipo kaonetseni kuchipatala zisanalumikizane.

Funso: Ndakhala ndikudzola mafuta oyeretsa kuti madontho achoke. Pali vuto?

Yankho: Lalikulu. Mafuta ambiri oyeretsa a pamsika, a m'timachubu ndi osakanizidwa m'mabotolo opanda dzina, amakhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, ena hydroquinone, ena mercury. Milungu yoyamba nkhope imawala, munthu n'kusangalala. Kenako steroid amabweretsa ziphuphu zake, zofananafanana, zodzaza mphumi ndi masaya. Khungu limapyapyala, mitsempha imaonekera, bala silipola msanga. Hydroquinone wodzola zaka zambiri amabweretsa matenda otchedwa ochronosis, mawanga akuda bii m'masaya, omwe madokotala a ku South Africa anawafotokoza mu 1975 ataona amayi ambiri akuda atawonongeka nkhope. Dziko limenelo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mawanga a ochronosis ndi ovuta kuchotsa ngakhale ndi laser yomweyo.

Khungu lopyapyala chonchi siliyenera kuwotchedwa. Tengani chubu kapena botolo lomwe mukudzola mukalionetse kuchipatala, musachite manyazi, kuti akuthandizeni kusiya. Steroid wodzola nthawi yaitali mukamusiya, nkhope imayamba yawawa ndi kutuluka zotupa kwa milungu ingapo, ndipo ambiri amabwerera ku chubu pa nthawi imeneyi.

Mandimu, mankhwala otsukira mano ndi soda nazonso zisiyeni. Zimatentha khungu n'kusiya dontho lina.

Funso: Ndi ndani winanso yemwe ayenera kudikira?

Yankho: Aliyense yemwe ziphuphu zikutulukabe. Kukonza maenje akale pomwe atsopano akukumbika n'kutaya nthawi. Amayi oyembekezera adikire. Amene akumwa isotretinoin, mankhwala amphamvu a ziphuphu zikuluzikulu, kapena anasiya posachedwa, anene, pakuti madokotala ambiri amadikira miyezi 6 asanagwiritse laser yosenda. Amene amatuluka timatuza pamilomo auze dokotala kuti awapatse acyclovir, chifukwa kutentha kumadzutsa kachilombo koyambitsa timatuzato n'kukamwaza pabala. Wodwala shuga akhale kuti shuga wake ali m'malo. Kukhala ndi HIV pakokha sikuletsa munthu yemwe akumwa ma ARV bwino ndipo chitetezo chake chili pamwamba, koma dokotala ayenera kudziwa.

Funso: Popanda laser palibe njira ina ya maenje?

Yankho: Zilipo, ndipo zina zimagwirizana ndi khungu lathu kuposa laser. Microneedling ndi kuboola khungu ndi timasingano tambirimbiri popanda kutentha, choncho chiopsezo cha kudera chimachepa. Mmodzi mwa omwe anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Cape Town, Des Fernandes. Subcision, yomwe inafotokozedwa mu 1995, ndi kulowetsa singano pansi pa chipsera cha rolling n'kudula timitsempha tokoka tija kuti khungu lidzuke. Pa icepick amadonthezera asidi wotchedwa TCA m'dzenje lenilenilo ndi kamtengo kosongoka, kapena kulidula n'kusoka. Dokotala wabwino amasakaniza njirazi malinga ndi zomwe waona pankhope. Yemwe yankho lake kwa aliyense ndi makina amodzi omwe anagula, ameneyo akubweza ngongole ya makinawo.

Timagudumu ta masingano togulitsidwa pa intaneti musatibwerekane, ndipo musatiyendetse pa ziphuphu zosapola. Timatulutsa magazi, ndipo magazi amanyamula hepatitis B ndi HIV.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti wondigwirayo akudziwa ntchito?

Yankho: M'Zambia madokotala ndi zipatala amalembetsedwa ndi Health Professions Council of Zambia. Pemphani kuona chiphaso cha chaka chimenecho, cha munthuyo ndi cha malowo. Kenako funsani dzina la makina ndi mtundu wake, chiwerengero cha anthu a khungu ngati lanu omwe wawathandiza, ndi zomwe adzachite nkhope ikadera. Pemphani zithunzi za odwala akuda zojambulidwa patatha miyezi, osati masiku. Akakana kuyesa kaye kamalo kakang'ono, kapena akakuuzani kuti palibe choopsa chilichonse, nyamukani. Ngati mukufuna maganizo a munthu yemwe sakukugulitsani kanthu, pemphani kalata kuchipatala chanu yopita ku kiliniki ya khungu ku University Teaching Hospital ku Lusaka.

Funso: Tsono ndiyambire pati lero?

Yankho: Yambani ndi ziphuphu zomwe zilipo, pakuti dzenje lomwe silinakumbike silifuna laser. Sambani kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule. Mafuta olemera a m'tsitsi asafike pamphumi. Benzoyl peroxide ya 2.5 kapena 5 peresenti imapha tizilombo ta ziphuphu. Yambani pang'ono, ndipo dziwani kuti imasulutsa chitenje ndi nsalu ya pilo. Adapalene kapena tretinoin wodzola usiku amatsegula mabowo n'kuchepetsanso madontho, ndipo azelaic acid amathandiza zonse ziwiri. Pa ziphuphu zotupa kwambiri a chipatala amapereka doxycycline kwa miyezi pafupifupi itatu. Ameneyu amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye chipewa chisachoke kumutu. Woyembekezera asamwe doxycycline kapena isotretinoin, asadzolenso adapalene ndi tretinoin. Mankhwala onsewa amachedwa, apatseni milungu 8 mpaka 12 musananene kuti alephera.

Makolo, mwana wanu akayamba kutuluka ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, musamuuze kuti ndi kukula chabe zidzatha zokha. Zidzathadi, koma zidzasiya maenje. Pitani naye ku chipatala cha pa boma kapena ku Katondwe chaka chomwecho.